Kazembe wa Pakona Pathu ndi Kalata Imene Sindinalembe

"Kalata imeneyo sindinalembe ine! Mukundimva, a Mesenjala? Siginecha ili m'munsiyo ndi yanga, inde, koma mawuwo si anga ngakhale limodzi. Tsekulani chitsekochi mundiyang'ane m'maso!"

Wokuwayo ndinali ine, dzulo Lachitatu masana, nditaima pakhonde la a Mesenjala, thukuta lili kamukamu. Anthu anali atayamba kale kuima mumsewu, ena atatula ndowa zamadzi pansi kuti amve bwino. A Mesenjala sanatsekule. Anangokankha katani wa pazenera pang'ono, tayi ili pakhosi ngakhale anapuma pantchito zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, n'kunena mofatsa ngati akuwerenga chidziwitso:

"A Wailesi, pano ndi pakhomo pa munthu, si pakona panu paja. Ngati muli ndi dandaulo, lembani."

"Ndinalemba kale! Masamba asanu ndi limodzi! Ali kuti?"

Katani anabwerera m'malo mwake.

Ndiyambe bwino, poti ena amene muwerenge izi simundidziwa. Ine ndimadula makiyi ndi kukonza maloko pakona pomwe msewu wa masitolo umakhotera kusiteji ya basi. Ndakhala pamenepo zaka 22, pansi pa ambulera imodzimodziyo, yomwe tsopano zigamba zachuluka kuposa nsalu yake. Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi. Kuwerenga kwenikweni ndinadziphunzitsa ndekha, panyuzipepala zomwe amakulungira misomali kusitolo ya zitsulo, ndipo mpaka lero nkhani ndimaiyambira pakati chifukwa mutu wake unkakhala utang'ambika. Amanditcha Wailesi, akuti ndilibe batani lozimitsira. Sindikana. Koma nkhani ino si yanga. Ndi ya mtsikana amene tonse pakona timamutcha Kazembe, mwana wa mlongo wawo wa a Mesenjala omwewo, amene malo ake a maphunziro akunja atsala maola owerengeka kuti apatsidwe munthu wina.

Mayi ake ndi telala. Makina awo ali pakhonde la sitolo ya utoto, mapazi khumi ndi awiri kuchoka patebulo langa, ndipo mwanayu anakulira pansi pa makinawo, akutola tizidutswa ta nsalu ndi kumvetsera zonse zomwe akuluakulu timaganiza kuti mwana samva. Bambo ake anachoka kalekale, nkhani yawo tiisiye.

Mwanayu ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ine ndi mnzanga wosoka nsapato tinadana chifukwa cha nyundo. Anabwereka, osabweza. Miyezi iwiri osapatsana moni, chikhalirecho timakhala moyang'anizana, msewu wokha pakati. Tsiku lina ndinaitana kamtsikanako.

"Pita ukamuuze fisi uyo kuti akapanda kubweza nyundo yanga lero, ndimusoka pakamwa ndi ulusi wake womwewo."

Kanapita, kanabwera ndi nyundo, komanso ndi uthenga: "Akuti nayi nyundo yanu, ndipo akuti nyundo ngati imeneyi sanaionepo kwina kulikonse."

Mtima unatsika. Madzulo ake tinamwera limodzi tiyi. Patapita zaka zitatu, tikuseka zakale, m'pamene tinazindikira kuti uthenga wanga unakafika uli wakuti, "A Wailesi ntchito yawaimira, ndipo inu nokha ndi amene mungawathandize." Mnzangayo naye anali atayankha kuti, "Tenga chinyundo chakecho, chibadwire sindinaone nyundo yogwedera mpini chonchi." Mwanayu ankachapa mawu panjira. Amachoka kwa iwe ali matope okhaokha, kukafika kwa mnzako atachita kusitidwa. Nditamufunsa anati, "Sindinaname, a Wailesi. Ntchito inali itaimadi. Ndinangomusiya fisi uja pakati pa msewu." Wosoka nsapato ndi amene anati ameneyu ndi kazembe, dzina n'kukanirira.

Atakula sanasinthe. Masana ankasita ndi kudula ulusi pa mayi ake, buku atalitsamiritsa pabokosi la mabatani, madzulo n'kukwera basi kupita kukoleji komwe ankaphunzira za maboma ndi malamulo. Madalaivala akakanganirana mzere, ankabwera kwa iye. Amayi awiri akalimbirana kasitomala, kwa iye. Malipiro ake anali nthochi imodzi kapena zikomo wapakamwa. Koma ine amene ndimakhala naye pafupi ndinkaona kuti mkangano ukatha, anthu akubalalika, iye amatsala akuyang'ana mabasi aatali aja akutuluka pasiteji, simbi ili m'manja, mpaka mayi ake amukuwire.

Zomwe zinamuonetsa kuti ndi ndani zinachitika zaka ziwiri zapitazo. Eni masitolo a mumsewu wathu anasainirana kalata kupita kukhonsolo kuti mavenda tonse tichotsedwe m'makonde: ogulitsa zipatso, amasokosi, okonza mafoni, matelala, ine, anthu 64. Anati timatseka makomo. Khonsolo inatipatsa masiku khumi ndi anayi. Tinachita msonkhano kuseri kwa siteji, ndipo ndisabise, amene anakwera pakireti n'kunena kuti tiwakhomere masitolo awo ndi maloko anga akuluakulu aja, makiyi n'kuponya mungalande, ndinali ine. Anthu anawomba m'manja. Kazembe anangokweza dzanja.

"Ndipatseni masiku anayi. Zikakanika, maloko a a Wailesi sathawa."

Sanaitanitse msonkhano wa mbali ziwiri. Iye amati anthu okwiya ukawaika m'chipinda chimodzi, aliyense amalankhulira anzake amene ali kumbuyo kwake, osati amene ali patsogolo pake. Ankalowa sitolo imodziimodzi, nthawi yomwe mulibe makasitomala, ndi funso limodzi lokha: "Pa zonsezi, chimene simungalole kutaya n'chiyani?" Kenako ankabwera kwa ife ndi funso lomwelo. Tsiku lachitatu anali atapeza chimene tonsefe, ndi makani athu onse, sitinachione. Eni masitolo sankadana ndi nkhope zathu. Chinkawawawa ndi malole a katundu omwe amafika m'mamawa n'kusowa potsitsira, madalaivala n'kumabwerera naye katunduyo. Ife m'mamawa sitigulitsa kanthu, timangoyala msanga kuopa kulandidwa malo. Chathu ndi chigulu cha anthu oweruka kuntchito. Tinkamenyanirana khonde limodzi pomwe wina amalifuna dzuwa likutuluka, wina likupendeka.

Anabwera ndi mfundo zake. Mavenda tiziyala eyiti koloko ikakwana. Malo a aliyense alembedwe nambala kuti asaope kulandidwa. Pakhomo pa sitolo iliyonse pasiyidwe mpata wa mamita awiri, wojambulidwa ndi utoto wachikasu. Mwini sitolo ya utoto, yemwe ndi amene anayambitsa kalata ija, anapereka utotowo yekha atauzidwa kuti anthu azidzati mzerewo ndi wake.

Tsiku loyeza makonde, pamaso pa mkulu wa kukhonsolo, Kazembe anandipatsa ntchito.

"A Wailesi, apa pakufunika munthu wa dzanja losanjenjemera. Gwirani nsonga ya tepiyi, musasunthe."

Inali tepi yaitali ya omanga nyumba. Ndinagwira monyadira, iye n'kumapita nayo mbali inayo, akuluakulu onse akumutsatira. Ndinaima pamenepo ola lathunthu ngati mtengo wa magetsi, mamita makumi atatu kutali ndi pomwe ankakambirana. Pomwe ndinkazindikira chimene wandichita, anali atasainirana kale. Ndinamukalipira sabata yonse. Koma mzere wachikasuwo ulipo mpaka lero, pitani mukauone, ndipo palibe venda ndi mmodzi yemwe amene anachoka.

Kumayambiriro kwa chaka chino anabwera patebulo langa ndi foni m'manja, akupuma ngati wathamangitsidwa. Pali bungwe lina lakunja, anatero, limene chaka chilichonse limasankha achinyamata khumi ndi awiri a m'mayiko osiyanasiyana n'kuwalipirira zonse chaka chathunthu. Miyezi isanu ndi umodzi amakhala m'kalasi kuphunzira momwe mayiko amapangirana mapangano. Miyezi inayo amawaika m'maofesi a akazembe enieni, kukhala mpando wakumbuyo m'zipinda momwe mayiko amakanganirana mitsinje, malire ndi misonkho ya katundu, kulemba zomwe zanenedwa, kuona momwe nkhondo amaizimitsira isanayake. Akamaliza amabwerera kwawo. Ofunsira amakhala zikwizikwi.

"Ndiye ukachita chiyani kumeneko chimene sunachite pano?" ndinamufunsa.

"Kumeneko tepi yake ndi yaitali, a Wailesi."

Bungwelo linkafuna masatifiketi, nkhani yolemba yekha ya pomwe anatsogolerapo anthu, ndi kalata ya umboni yochokera kwa munthu amene anamuona ndi maso akuchita zimenezo. Kalatayo inali yachinsinsi: mboni imatumiza yokha pa imelo, wofunsirayo saloledwa kuiwerenga. Anati akufuna ndilembe ine.

Apa m'pamene a Mesenjala analowera. Ndinene zoona za akuluwa, kuti wina asadzati Wailesi wawanamizira. Anagwira ntchito zaka 31 mu ofesi yaikulu, kunyamula mafayilo chipinda ndi chipinda, osachedwapo, osatayapo pepala. Chingerezi chawo ndi cha m'makalata, chowongoka ngati rula. Mwana wa mlongo wawoyu amamukonda. Tsiku lililonse la mayeso ankamuperekeza mpaka pageti, atamunyamulira mapensulo atatu osongola kale. Atamva za kalatayi anabwera pakona ndi tayi yawo.

"Mwanawe, kalata yotere imafuna munthu wa chidindo. Ndili ndi bwana wanga wakale, ndikangomupempha asaina."

"Amandidziwa, malume?"

"Safunika kukudziwa. Amadziwa ine."

"Akuti munthu amene anaona. A Wailesi anaona."

"Anaona ali mamita makumi atatu," anatero wosoka nsapato, pakona ponse n'kufa nalo phwete.

A Mesenjala sanaseke. Anagonja, kapena tinkayesa agonja. Anati chabwino, a Wailesi alembe m'chiyankhulo chathu, iwo aika m'Chingerezi, akataipitsa, n'kutumiza pa imelo yawo poti ine ndilibe. Pafomu, m'bokosi la mboni, munalowa dzina langa ndi imelo yawo.

Ndinalemba masiku atatu. Makasitomala ankabwera ndi maloko, ine ndikuwauza abwere mawa. Ndinalemba za nyundo, za kireti ndinakwera ija, za maloko omwe ndinkafuna kukhomera anthu, za funso lake lija, za tepi. Ndinalemba kuti mtsikanayu anatsutsa anthu 64 okwiya, ine ndili patsogolo pawo, osakweza mawu koma osabwerera m'mbuyo ngakhale phazi limodzi. Ndinalemba kuti anamuyang'ana m'maso mkulu wa kukhonsolo n'kumuuza kuti masiku khumi ndi anayi ndi osavuta kuwalemba papepala, koma tsiku la khumi ndi chisanu anthuwa ana awo adzafunabe kudya. Masamba asanu ndi limodzi, dzanja mpaka kutupa.

A Mesenjala anawalandira, anawapinda bwinobwino, kenako anatulutsa mu envelopu pepala loyera lopanda kanthu. Analoza m'munsi ndi chala.

"Sainani apa. Wotaipa adzalowetsa mawu pamwambapa. M'maofesi timatero, kuti tisamayende kawiri."

Ine, munthu amene sindidula kiyi ndisanaone loko wake, ndinasaina. Ndinachita manyazi kufunsa, kuopa kuoneka wosadziwa za m'maofesi. Mlandu wanga ndi umenewo, ndipo ndaulemba pano ndi dzanja langa kuti aliyense auone.

Miyezi itatu inadutsa. Kazembe sankakhazikika. Foni ikangolira ankadumpha. Anapsereza kolala ya shati ya kasitomala, mayi ake mpaka kumulanda simbi. Kenako uthenga unabwera: pa zikwi zija atsala makumi atatu, iye ali momwemo, akufuna kucheza naye pakompyuta.

Sabata yonse tinamukonzekeretsa. Ine ndinkakhala dziko la kumtunda kwa mtsinje, wosoka nsapato dziko la kumunsi, ngalande ya mumsewu n'kukhala mtsinje wake.

"Madziwa ndi anga, amachokera kwathu, ndikafuna nditseka!" ndinkatero.

"Tseka uone. Ndili ndi asilikali zikwi makumi asanu."

"Ovala nsapato zosoka iwe? Safika n'komwe pamalire."

Kazembe, atakhala pakireti pakati pathu, ankanena modekha kuti dziko la kumtunda likufuna kutsimikiza kuti silidzasowa madzi m'chilimwe, ndipo dziko la kumunsi likukumbutsa kuti lili ndi anthu ambiri odalira mtsinjewo. Tsiku lachitatu masewera anafika poipa, tinagwirana makolala zenizeni, mpaka a Telala, mayi ake aja, anatiopseza ndi sizasi. Kazembe anati wakonzeka, kulibe mayiko angamuvute kuposa ife.

Lolemba lapitali, teni koloko m'mawa, tinamuperekeza kusitolo ya fotokope, komwe mwini wake anatibwereka kachipinda ka kumbuyo, momwe muli kompyuta ya kamera ndi makatoni a mapepala mpaka kudenga. Anavala jekete lomwe mayi ake anasoka ndi kumasula kawiri. Ine ndi a Telala tinakhala panja pabenchi. Ndinalonjeza kukhala chete ndipo ndinakwanitsa mphindi pafupifupi khumi. Zotsalazo ndinazungulira masitolo onsewo kanayi.

Kazembe anatuluka patatha mphindi makumi anayi. Sanalire. Anavula jekete, analipinda, anapatsa mayi ake.

"Zayenda bwanji, mwana wanga?"

"Mafunso onse ndayankha, amayi." Kenako anatembenukira kwa ine. "A Wailesi, m'kalata muja munalembamo chiyani?"

"Zonse! Nyundo, maloko, tepi, khonsolo, zonse."

"Zikomo. Ndimafuna ndimve zimenezo basi."

Ananyamuka, osati kulowera pakona, koma njira ya kwa malume ake. Ine ndinayesa wapita kukawauza nkhani yabwino.

Zoona zake ndinazimva dzulo m'mawa kwa a Telala, omwe anabwera patebulo langa maso ali psuu. Kazembe anali atawaletsa kundiuza, poopa zomwe ndinachitadizo. Akuti pakompyutapo panali anthu atatu. Chakumapeto, mayi wina wa imvi, amene anakhalapo kazembe zaka zambiri, ananyamula pepala n'kunena kuti nthawi zonse samuwerengera munthu kalata ya mboni yake, koma apa asokonezeka. Anawerenga. Kalata ya dzina langa inati mtsikanayu ndi wofatsa ndi womvera. Chibadwire sanatsutsanepo ndi munthu. Akulu akalankhula amaweramitsa mutu. Sapezeka m'magulu a anthu a mumsewu kapena m'misonkhano yawo. Mukamutuma amapita osafunsa chifukwa chake, ndipo sadzakuvutitsani m'njira iliyonse. Mizere isanu ndi iwiri, siginecha yanga m'munsi, ndi udindo womwe sindinaumvepo chibadwire: mkulu wa kampani yoona za chitetezo cha nyumba.

Ine! Kampani! Ambulera ya zigamba ija!

Mayi uja anamufunsa kuti, "Nkhani yanu ikuti munatsogolera mavenda 64 pokambirana ndi eni masitolo ndi khonsolo. Mboni yanu ikuti simupezeka m'magulu a mumsewu. Timve ziti?"

Mukudziwa chimene anayankha? Ngakhale pamenepo, madzi atafika m'khosi, anachapa. Anati, "Zomwe ndinalemba ndi zoona, ndipo mzere wachikasu ulipo. Kalatayo ndikuganiza kuti yadutsa m'manja mwa munthu wondikonda amene anachita mantha." Sanawatchule malume ake.

Anamuuza kuti mayankho ake awakonda, koma sangapereke malo pamene mapepala awiri akutsutsana. Atumiza funso ku imelo ya mboni yomwe ili pafomu, ndipo yankho lichokere komweko, pamodzi ndi zithunzi za kalata yoyambirira ngati ilipo. Lifike Lachisanu, thwelofu koloko masana isanakwane. Kupanda apo, malowo apita kwa wotsatira pamndandanda.

Funsolo linafika Lolemba lomwelo. Lili mufoni ya a Mesenjala. Masamba anga asanu ndi limodzi alinso kwa iwo. Kazembe anapitako kawiri yekha, mwaulemu, ndi funso lake lija: malume, chimene simungalole kutaya n'chiyani? Akuti anamuyankha kuti dzina. Zaka 31 popanda banga, ndiye lero alembere anthu akunja kuti anasintha kalata ya munthu wina? Komanso akuti sanalakwe. Iwo mafayilo awaona. Anaona kalaliki wina wanzeru amene anatsutsa bwana pamsonkhano, pakona ya fayilo yake n'kulembedwa ndi inki yofiira kuti "wovuta," munthuyo n'kukalambira padesiki yomweyo. Fayilo imene imakwera, akuti, ndi ya munthu amene sanamvekepo. Atawerenga masamba anga, n'kuona maloko, kireti, khonsolo, mtsikana akuyankha akuluakulu, maso awo anangoona inki yofiira ija. Ndiye anakhala pansi n'kumulembera kalata yabwino kwambiri yomwe amaidziwa. Anthu ankafuna kazembe, iwo anawatumizira mesenjala.

N'chifukwa chake ndinali pakhonde paja dzulo. Nditakuwa theka la ola, Kazembe anatulukira, ulusi uli m'tsitsi, kuonetsa kuti wachoka pamakina akuthamanga. Anandigwira pamkono.

"A Wailesi, tebulo lanu mwalisiya lokha, ndipo pali anthu awiri akudikira ndi maloko. Tiyeni ndikuperekezeni."

"Adikire! Usandigwiritsenso tepi, iwe. Kamodzi kaja kanakwana."

Anthu anaseka, iyenso anatsala pang'ono.

"Chabwino. Nenani zomwe mukufuna, ndikawauze."

"Kawauze kuti ndi mbala. Aba mawu anga, aba dzina langa, ndipo akufuna kuba chaka chako. Koma ukanene momwemo. Usachape!"

Anasiya mkono wanga. Kenako anapita pazenera paja, anagogoda pagalasi ndi chala chimodzi. Katani anasuntha.

"Malume, a Wailesi akuti mwaba mawu awo ndi dzina lawo." Anasendera pafupi ndi galasi. "Za chaka changazo sindikunenera iwo, ndikunena ndekha. Munandiperekeza mpaka pageti mayeso onse. Munkandiperekezeranji, malume, ngati pofika pageti lenileni mukundibweza? Mtsikana wa m'kalata mwanu uja ine sindimudziwa. Ngati mumakonda iyeyo, ine mwanditaya. Dzina lanu silingade chifukwa chonena kuti munandiopera. Ndakulemberani mizere itatu yoti muyankhe. Mulibe mawu oti kuba, mulibe mawu oti bodza. Nayi."

Analowetsa kapepala pansi pa chitseko. Zaka zonsezi ndamumva akulankhulira madalaivala, mavenda, eni masitolo, ine, koma ndinali ndisanamumvepo akudzilankhulira yekha. Mawu ake ankanjenjemera ngati akuyankhula chiyankhulo chimene wangochiphunzira kumene.

Tinadikira. Tinamva mapazi mkati, kapepala kanakokedwa. Chitseko sichinatsekuke.

Lero ndi Lachinayi. Kazembe wabwerera kukasita, ndipo m'mawa uno wapsereza shati ina. Mayi ake akusoka ndi kumasula msoko umodzimodzi. Wosoka nsapato wajambula mzere wachikasu pafoni yake kuyambira pomwe unayambira mpaka pomwe unathera. Mwini sitolo ya utoto wati asaina chilichonse, mavenda onse ati asaina, koma bungwe lija silikufuna ife 64, likufuna yankho la pa imelo imodzi, ndipo imeloyo ili m'thumba la jekete la munthu mmodzi. Ine sindinadule kiyi ndi mmodzi yemwe. Ndayesa kukhala pansi, mpando ukundiluma. Ndiye ndatenga mapepala, poti inu a Mesenjala munati ndikakhala ndi dandaulo ndilembe.

Ndalemba, a Mesenjala. Kalata ino ndasaina nditaiwerenga kawiri, ndipo wa fotokope waichulukitsa. Imodzi ilowa pansi pa chitseko chanu, zinazo zili pakona. Loko wa chitseko chanucho ndinaika ndine, ndipo mukudziwa kuti ndi kawaya kamodzi ndikhoza kulowa musanamalize kumanga tayi. Sinditero, chifukwa mwanayu sangandikhululukire, komanso chitsekocho mukuyenera kutsekula nokha.

Ine gawo langa ndavomera: ndinasaina pepala loyera ngati chitsiru. Lanu likudikira. Mawa eyiti koloko, nthawi yomwe mwana wa mlongo wanu anatiikira yoyalira katundu, ine sindiyala. Ndidzakhala pakhonde panu, ndi a Telala, ndi wosoka nsapato. Wa fotokope wati kachipinda kaja kakhala kotsekula. Mutuluke ndi foni yanu, ndi kapepala ka mizere itatu kaja, ndi masamba anga asanu ndi limodzi osasowapo ngakhale limodzi. Zaka 31 munanyamula mawu a anthu ena osataya. Awa okha munawataya dala. Tulukani mudzayankhe.